Zithunzi zaziwisi za ku Furancungo

Ine ndine mlimi wa mbatatesi kuno ku Tsangano. Chimene ndimachidziwa ndi kukwezera mizere, ndiponso kukangana mitengo ndi ogula a ku Ntcheu amene amabwera ndi makwacha n'kumafuna kuti ndiwawerengere m'mametikali. Zojambula zithunzi zinangondigwera. Alamu anga ena atabwera kuchokera ku Joni anandisiyira kamera yakale ya Canon ngati chikole cha ngongole ya matumba 2 a feteleza. Ngongoleyo sinabwezedwe mpaka lero, koma nditangoikoleka kamerayo m'khosi, anyamata apamsika anasiya dzina langa n'kuyamba kundiitana kuti fotógrafo, m'Chipwitikizi chenicheni. Ndinavomera msanga kuopa angasinthe maganizo.

Utamveka ukwati wa mng'ono wawo wa mayi a kunyumba ku Furancungo, m'boma la Macanga, mayiwo anati tisonkhe ndalama tiitane wojambula.

"Wojambula wanji, ine ndilipo?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana mmene amayang'anira mbatatesi yofumbwa, koma sananene kanthu.

Usiku woti mawa tinyamuka ndinakhala pansi n'kumadinadina mabatani. Pena pake kamera inandifunsa kuti ndisankhe pakati pa L, M, S ndi RAW. Mwana wanga wa kusekondale anati RAW ndiye kuti chachiwisi, ndipo anamvapo kuti akatswiri onse amasankha pamenepo. Nzeru zinandibwerera pompo. Kodi pamsika nsomba yaiwisi si yodula kuposa youma? Apongozi anga ndingawapatse zouma? Ndinadina RAW n'kukagona tulo tabwino. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa ndithu, koma funso limodzi lokha.

Tinakwera chapa kudzera ku Ulónguè ndi ku Dómuè, tinakafika titayera mbuu ndi fumbi. Paukwatipo ndinagwira ntchito, abale. Ndinagona chafufumimba pakhomo pa tchalitchi. Ndinakwera pampando wa ankhoswe iwo ali chiimire. Pa perekaniperekani ndinaimitsa azakhali ena ndalama ili m'mwamba kuti aiponyenso kachiwiri, ndipo anaiponyadi, ngakhale anandiuza pambuyo pake kuti ndili nawo ngongole. Khadi ya kamera inadzaza dzuwa lisanapendeke, poti chithunzi chilichonse chinkadya mamega oposa 20. Munthu wanzeru akanadabwa. Ine ndinati ndi chizindikiro chakuti zithunzizo n'zonona. Pakagalasi kakumbuyo kwa kamera zonse zinkaoneka bwino lomwe.

Madzulo a tsiku lotsatira mudzi wonse unasonkhana kwa apongozi. Iwo ali ndi TV yaikulu ya ndalama za fodya, yoyendera sola, ndi kabokosi kokhala ndi pulogalamu yotchedwa Kodi, kamene amaonerapo makwaya ndi mafilimu a ku Nigeria. Dzina lakelo linandisangalatsa, poti ndi mawu omwe ife timayambira funso. Sindinadziwe kuti mafunso onse a usikuwo adzakhala anga. Ana anadzaza pamphasa, amayi anakhala chakukhomo, akwati pampando wa ndalema. Ndinayamba ndalankhula kaye mawu pang'ono okhudza luso la kujambula. Kenako tinalowetsa m'kabokosimo fulashi ya zithunzizo.

Mbee! Mopanda kanthu.

Tinaizula n'kuibaya pa TV penipeni. Zomwezo. Ndinaiuzira mpweya fulashiyo, ndinaipukuta pamalaya, ndinanamizira batire la sola. Agogo ena anati iwo anaona kale kuti paukwatipo panali maso oipa, wina wazimanga zithunzizo. Kunena zoona, maganizo amenewa ndinawakonda kwambiri, ndipo ndinali wokonzeka kusonkha nawo ya kwa sing'anga.

Anandiwonongera ndi alamu anga aphunzitsi. Anaika fulashi pa laputopu yawo, n'kuona kuti dzina la chithunzi chilichonse likuthera ndi CR2.

"Alamu, anakuuzani ndani kuti muike pa RAW?"

Ndinayang'ana mwana wanga. Anali atatuluka kale.

Ndiye anatiphunzitsa tonse, ine ndili chiimire ngati mwana wochedwa kusukulu. Akuti m'kati mwa kamera muli kachipangizo ka timadontho mamiliyoni, ndipo kadontho kalikonse kamaona mtundu umodzi wokha, wofiira, wobiriwira kapena wabuluu, theka la tonseto n'kukhala tobiriwira. Anakonza zimenezo ndi Bryce Bayer wa ku kampani ya Kodak, m'zaka za m'ma 1970. Kuti chituluke chithunzi choti munthu n'kuzindikira mlongo wake, kamera imasakaniza mitunduyo, n'kuthira kuwala, n'kutaya zotsala, n'kupakula chakupsa chotchedwa JPEG. Chimenecho anagwirizana mu 1992, ndipo foni iliyonse ndi TV iliyonse imachidziwa. Ukadina RAW ndiye kuti wauza kamera kuti usaphike, ndikaphika ndekha. Chovutanso n'chakuti aliyense ali ndi chachiwisi chakechake: Canon yakale ngati yangayi ili ndi CR2, Nikon NEF, Sony ARW. A Adobe anatulutsa DNG mu 2004 kuti onse azidyera mbale imodzi, koma ambiri anakakamirabe zawo.

"Nanga zimene ndinkaona pakagalasi zija?" ndinafunsa, poganiza kuti ndawagwira.

Akuti kameneko ndi ka JPEG kakang'ono kobisika m'katimo, kolawitsa chabe. Ndipo akatswiri sanama ayi: JPEG imasunga masitepe 256 a kuwala pa mtundu uliwonse pamene RAW ya makamera ambiri imafika 16,384, choncho chithunzi chamdima umatha kuchiwalitsa. Koma akatswiriwo ali ndi makompyuta. Ine ndili ndi khasu.

Apongozi aamuna, amene anali chete nthawi yonseyi, anatsokomola.

"Tamva, aphunzitsi. Ndiye kuti akamwiniwa athyola fodya m'munda n'kuthamangira naye kumsika asanalowe m'chigafa. Tsamba ndi labwino, koma wamuwisi sagula."

Nyumba yonse inafa nacho chiseko, mpaka apongozi aakazi amene sayenera n'komwe kundiyang'ana kumaso.

Aphunzitsi anati Kodi ikhoza kuwerenga zaziwisizo ngati uiwonjezera kapulogalamu kena kochokera pa intaneti. Netiweki yabwino pamudzipo imapezeka pachulu cha kuseri kwa khola, ndipo ndinaimapo ndi foni m'mwamba mpaka mamega anga anatha. Mapeto ake anaziphika okha pa laputopu ndi pulogalamu yaulere ya darktable, masiku atatu, ine ndikuwagulira zoziziritsa kukhosi.

Zitapsa tinasonkhananso, ndipo apa ndi pamene ndinalakalaka zikanangokhala zaziwisi. Akwati aamuna anali opanda mutu pazithunzi 40. Chala changa chinapezeka pa ukwati wonse, kutchalitchi ndi kumadyerero komwe. Mphika wa nyama ya mbuzi unatuluka bwino kwambiri, kasanu ndi kawiri, mafuta ali waliwali. Aphunzitsi anati mdima atha kuuchotsa, koma mutu wodulidwa palibe pulogalamu youbwezera. Chithunzi chimene chapachikidwa pabalaza pa apongozi lero anajambula ndi mwana wa zaka 12, pa foni ya amayi ake.

Kamerayo ndikugulitsa. Ili bwinobwino, aphunzitsi anaiika kale pa RAW+JPEG, musakhudzepo. Mtengo wake ndi matumba 2 a feteleza. Mundipeza pamsika wa Tsangano, pamulu wa mbatatesi.