Kalata Yochokera ku Joni: Za Anthu Olowa M'nkhalango Osatolamo Nkhuni

Kwa a Malume,

Newlands Forest ndi nkhalango imene ili m'tsinde mwa phiri la Table Mountain, chakum'mawa kwake, mumzinda wa Cape Town. Ndi gawo la malo otetezedwa a Table Mountain National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1998 ndipo amayang'aniridwa ndi bungwe la SANParks. Polowera pake pali m'mbali mwa msewu waukulu wa M3. Loweruka ndi Lamlungu malo oimikapo magalimoto amadzaza m'mamawa, chifukwa anthu akuno ali ndi mwambo umene a malume ayenera kuumva atakhala pansi: munthu amathira petulo m'galimoto, kuyendetsa mtunda wautali ndithu, n'cholinga choti akapeze poyambira kuyenda pansi.

Ulendowu umafanana ndi wa amayi okatola nkhuni kuphiri la Zomba. Onse amalawirira, amayenda m'timagulu nkhani zili pakamwa, ndipo amakwera chitunda mpaka thukuta kamukamu. Koma akunowa salowa ndi chikwanje, luzi kapena nkhata. Zida zawo ndi botolo la madzi, nsapato zoti mtengo wake sauzidwa munthu wa BP, ndodo ziwiri zachitsulo ngakhale miyendo ili yabwinobwino, ndi wotchi yowerenga mapazi amene munthu waponda. Amayi a ku Zomba amayeza ulendo ndi kulemera kwa mtolo. Akuno amayang'ana padzanja, n'kuuzana nambala.

Njira yotchuka kwa ongofuna kuyenda pang'ono ndi msewu wa ozimitsa moto. Ndi wadothi ndi miyala, wokwana galimoto imodzi, ndipo magalimoto wamba saloledwamo. Sunalambulidwire oyenda. Ntchito yake ndi kufikitsa madzi ndi anthu pakatikati pa nkhalango moto ukabuka, komanso kukhala malire pamene moto woyenda pansi umasowa chodya. Umakwera mokhotakhota kuti galimoto yolemera ithe kukwera, ndipo malo ena anauikira mitumbira yopingasa yopatutsa madzi, poti kuno mvula imagwa nyengo yozizira, Juni mpaka Ogasiti, ndipo ikagwa imakumba.

Chigawo cham'munsi n'cha mitengo ya paini ndi bulugama. Mitengoyi ndi yobwera. Inadzalidwa pambuyo poti mitengo yambiri yachilengedwe yathera m'manja mwa odula matabwa a kampani ya Adatchi, imene inafika ku Cape mu 1652. Mkati mwa nkhalango mudakali mabwinja a nyumba yotchedwa Paradise, ya kapitawo wa odula mitengowo, imene Lady Anne Barnard anakhalamoko kumapeto kwa zaka za m'ma 1790. Ndiye kuti kalelo kuno kunkabwera anthu odziwa chimene nkhalango imalowedwera. Mbumba yawo ndiyo inataya mwambo.

Pa nkhani ya nkhuni m'pamene munthu wobwera amavutika. M'mbali monse mwa msewu muli zipika zouma gwa, zina zochekedwa kale ndi makina, zodulidwa bwinobwino ngati akudikira wozisenza. Pali nthambi za bulugama zosafuna n'kuwaza komwe. Chigawo chimodzi chokha cha msewu chili ndi nkhuni zoti n'kuphikira nyemba za pa ukwati, kuphikiranso thobwa, zina n'kutsala za pa chiliza. Anthu amazilumpha. Ena amakhalapo n'kumadya nthochi, ena amaimirirapo kuti ajambulidwe. Mmalawi akadutsa pamenepo dzanja limatsika lokha, mutu n'kuyamba kuwerengera mitolo, mpaka atakumbukira kuti lamulo la m'paki limaletsa kutulutsa chilichonse, kaya nkhuni, duwa kapena mwala. Ku Zomba mayi amadula tikiti kwa a zankhalango n'kutsika ndi mtolo wake. Kuno tikiti yotero kulibe. Chifukwa chimene amapereka n'chomveka ndithu: chipika chikawolera pomwepo chimadyetsa nthaka, bowa ndi tizilombo. Koma kumva ndi zina, kuona ndi zina. Amene amabadi m'nkhalangoyi safuna nkhuni ayi, amasenda makungwa a mitengo yachilengedwe kukagulitsa ngati mankhwala azitsamba, ndipo mtengo wosendedwa kuzungulira thunthu lonse umauma uli chiimire.

Mtolo umodzi wokha ndiwo umaloledwa kutuluka. Galu woyenda m'pakiyi amafunika chiphaso cholipira, ndipo akadzithandiza panjira, mwini wake amavala kajumbo kudzanja, kuwerama mwaulemu, kutola, kumanga mfundo, n'kukanyamula ulendo wonse. Munthu wamkulu, wa imvi, mwini kampani, amatsika phiri atanyamula kajumbo kofunda, akulumpha nkhuni za mwezi wathunthu. Wantchito wa m'gadeni akapatsidwa ganyu ya Loweruka yoyendetsa galu wa abwana, udindo wa kajumbo umagweranso iyeyo, ndipo mphwawo wa a malume nkhalangoyi anaidziwira m'njira imeneyi. Ichi chisafike kubwalo la bawo.

Pafupi ndi polowera pali kampu ya ozimitsa moto. Nyengo yotentha, Disembala mpaka Epulo, pamaima ndege za helikopita zimene zimatunga madzi m'madamu ndi chidebe cholendewera pachingwe. Pansi pamagwira ntchito anyamata ndi atsikana a Working on Fire, ovala malaya achikasu, pamodzi ndi ongodzipereka a Volunteer Wildfire Services, amene masiku ena amakhala m'maofesi mwawo. Mdani wawo wamkulu ndi mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, yotchedwa Cape Doctor, imene imanyamula zoyaka n'kukaziponya kutsidya kwa msewu uliwonse wolambulidwa. Pa 18 Epulo 2021 moto unabuka pa Devil's Peak, phiri loyandikana ndi nkhalangoyi. Unatentha malo odyera a pa Rhodes Memorial, unalowa pa yunivesite ya Cape Town n'kupsereza chipinda chowerengeramo cha laibulale ya Jagger, kenako unadumpha msewu wa M3 n'kutentha Mostert's Mill, chigayo champhepo cha mu 1796. Paini amapsa moopsa chifukwa cha utomoni wake, n'chifukwa chake ambiri akufuna kuti achepetsedwe.

Chodabwitsa n'chakuti phirili moto limaufunanso. Zomera zake zenizeni, zotchedwa fynbos, ndi zitsamba zamasamba olimba zimene zimayenera kupsa pakapita zaka zingapo kuti zimerenso. Mitundu ina ya duwa la protea imasunga njere m'zikhokho mpaka moto utadutsa, njere zina zimakwiriridwa ndi nyerere n'kumadikira utsi. Choncho ntchito ya msewuwu si kuthetsa moto, koma kuuletsa kufika kumene kuli nyumba za anthu.

Kumtunda msewu umasanduka kanjira ka munthu mmodzi, paini n'kutha, n'kuyamba mitengo yachilengedwe ya mthunzi wozizira ndi timitsinje todutsa pamiyala. Kanjirako kamakalumikizana ndi Contour Path, njira yopingasa phiri imene imalowera ku munda wa Kirstenbosch mbali ina, ndi ku Rhodes Memorial mbali inayo. Pamene mitengo yatseguka, munthu amaona chigwa chonse cha Cape Flats, malata akunyezimira mpaka kutali.

Pansi pa malata ngati amenewo ndi pamene Amalawi ambiri amagona. Tinjira tapakati pa zisakasa m'topapatiza, moti anthu awiri sapatukirana bwino, ndipo galimoto yozimitsa moto imathera kumsewu. Mu Malichi 2017 moto unatentha zisakasa ku Imizamo Yethu, ku Hout Bay, kuseri kwa phiri lomweli, anthu zikwizikwi n'kutsala ndi zovala za m'thupi zokha. Munthu wokhala malo otero amagona pasipoti ili m'jumbo kumutu, ndipo akamva fungo la utsi usiku sayamba wafunsa kuti n'kwa yani. Mphwawo wa a malume ndalama sasunganso m'nyumba. Koma chaka chino zosungazo n'zochepa. Miyezi ya mvula kapinga sakula, mabwana amachepetsa masiku a ntchito, pamene lendi sichepa. Ndalama ya feteleza idzabwera kutha kwa mwezi uno, koma idzakwana matumba awiri, osati anayi amene analonjezedwa. A malume asakakongole kwa akatapila podalira otsalawo. Padzakhalanso kena kapadera, ndipo kameneko si ka feteleza: n'koti apezeke mwana wowatolera nkhuni alongo awo. Bondo lawo silingapirirenso chitunda ndi mtolo pamutu, ngakhale iwo pafoni amanena kuti ali bwino. Za moto wa m'zisakasa asauzidwe, sangagone.

Kunkhalango kuja, potsika sipakhala zambiri. Njira ndi yomweyo kapena ina yozungulira, ndipo chofunika n'kusamala ndi timiyala toterera komanso othamanga amene amatulukira kumbuyo mosagogoda. Ulendo waufupiwu umatenga ola limodzi kapena awiri, kutengera ndi mmene galu akununkhizira. Akafika pamagalimoto, oyendawo amataya tijumbo tawo m'bini, amagula khofi, n'kumauzana kuti apumula kwambiri, miyendo ili njenjenje. Galu amakwera kumpando wakumbuyo n'kupita kukasambitsidwa. Wantchito amalandira ya tsikulo, amakakwera minibasi ku Claremont, ndipo akatsika amadzera pa shopu ya Msomali kugula botolo la palafini wophikira nsima ya madzulo.

Mphwawo,
ku Cape Town