Ndinapita ndi dzino, ndinabwerako ndi shuga

Dokotala wa mano ndi munthu wochenjera. Amakuuzani kuti yasamulani, n'kukutsekerani thonje m'kamwa, kenako ndiye mafunso amayamba. Ine ndinangopita kukachotsa dzino logwedera kuno ku Pretoria. Mayi dokotalayo anasuzumira, n'kudina nkhama pang'ono, magazi tiyeni.

"Bambo, mumamva ludzu pafupipafupi? Nanga usiku mumadzuka kangati kukataya madzi?"

Ndinati mayi, ndabwerera dzino, za usikuzo asiyireni akunyumba.

Sanaseke. Anati insulini, homoni yochokera m'kapamba, ikamaperewera kapena thupi likasiya kuyimvera, shuga amachuluka m'magazi. Malovu amachepa, m'kamwa mumauma, chiseyeye chimakula, fupa logwira mano limadyeka, ndipo chilonda chimachedwa kupola. Inetu ludzulo ndinkanamizira dzuwa la Pretoria. Kuwondako ndinkati ndi khama langa pa kapinga wa abwana ku Waterkloof, mpaka ndinkaganiza zopempha kuti andikwezere malipiro.

Poona kuti sindingayankhe, anapitiriza phunziro. Akuti mawanga akuda achilendo akayamba kutuluka m'nkhama ndi m'masaya, nthawi zina ndi tiziwalo ta pamwamba pa impso tafooka, matenda amene Thomas Addison wa ku London anawafotokoza mu 1855. Mano akayamba kutalikirana munthu ali wamkulu kale, chibwano n'kumatsogola, nsapato n'kumathina, ndiye kuti homoni yokulitsa thupi yapitirira muyezo. Apa ndinatseka pakamwa msanga, poti mpata wa mano angawu ndi umene ndinakwatirira. Amayi oyembekezera nawonso nkhama zimatupa. Pa ichi chokha ndinapezeka wosalakwa.

Ku kiliniki anandibaya chala, ndipo makina anagwirizana ndi mayi aja. Boma la South Africa linaika msonkho pa zakumwa zotsekemera mu Epulo 2018 kuti anthu achepetse kumwa. Ine ndakhala ndikuulipira mokhulupirika kuposa lendi, botolo lalikulu kutsitsira sphatlo, buledi woikamo ndiwo mkati wa ku Mamelodi.

Tsopano akunyumba asanduka nesi wamkulu. Nsima ndi mtanda umodzi, tiyi ndi madzi otentha amtundu, ndipo chitini cha shuga chinasamukira komwe sindikudziwa. Choipitsitsa, anaimba foni kumudzi ku Ntcheu. Kumeneko amva kuti ndadwala matenda a anthu olemera, moti amalume, atandipepesa mwachidule, afunsa ngati ndingatumize ya malata mwezi uno usanathe.