Chingelezi cha Mayi Marple pa Chipoka

Popeza wolephera Chingelezi salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale atakhoza masamu koposa wokhometsa msonkho, anyamata ena a pa Chipoka akhala pamthunzi pafupi ndi doko, nayamba kuloweza mawu a m'buku la Agatha Christie la mu 1930, The Murder at the Vicarage, m'mene msilikali wopuma awomberedwa m'nyumba ya abusa, koma anansi apitiriza kumwa tiyi mwaulemu wonse. Ine wosaphunzirane ndingoyamika, pakuti taonani, mwana amene sangathe kufunsa mtengo wa usipa m'Chingelezi atha tsopano kufotokoza za mfuti, mtembo ndi kalata yachinyengo mosadodoma konse.

Chondidabwitsa n'chakuti Angerezi a ku St Mary Mead, mudzi wa m'bukumo, alira masamba mazana, apolisi ndi nkhalamba yochenjera, Mayi Marple, kuti apeze olakwa awiri okha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuno kwathu chilimira chikasowa pagombe usiku, mudzi wonse umadziwa mwini ntchitoyo tambala asanalire, ndipo kukacha tonse timakagula nsomba zake, pamtengo wabwino ndithu.