Mmene Mungaikire Sefa ya Kunja pa Giyabokosi Anthu Nʼkukupatsani Ulemu

Galimoto yanu inatsika sitima ku Dar es Salaam, inagona pa Nakonde kudikira mapepala a ZRA, ndipo chilowereni mu Lusaka palibe amene anasololapo kandodo koyezera oyilo wa mʼgiyabokosi. Tsopano mukaika pa D imayamba yaganiza kaye, kenako nʼkukugundani kumsana ngati muli nayo ngongole. Musade nkhawa, bwana. Mankhwala ake ndi sefa ya kunja.

Anthu ansanje adzakuuzani kuti giyabokosi ya otomatiki ili kale ndi sefa yake mʼkati mwa sampu, pamodzi ndi timaginito togwira tizitsulo. Akunena zoona, koma sefa imeneyo ili ndi vuto lalikulu: sioneka. Mumasule mabawuti onse aja, mugule gasiketi, mulipire makanika, koma mlamu wanu wa ku Woodlands akatsegula boneti osapeza chodabwa nacho? Ndalama yotereyo yapita pachabe.

Ya kunja imagwira ntchito motere. Oyilo akatentha amatuluka mʼgiyabokosi pa paipi imodzi kupita ku radiyeta kukazizira, nʼkubwerera pa paipi ina. Mumadula yobwererayo nʼkulumikizapo sefa. Sefa zenizeni za ntchitoyi zimakhala ndi maginito mʼkati, ndiponso kavalavu kolola oyilo kulambalala sefa ikatsekeka, kuti giyabokosi isafe ndi ludzu. Koma zimenezo nʼza a ku Kabulonga, omwe amaitanitsa Magnefine pa intaneti nʼkudikira modekha. Inu tsikani mʼtauni, muyende mu Freedom Way nkhope ili mʼmwamba. Musanafike pa shopu iliyonse mnyamata wina akupezani: “Mufuna chani, ba boss?” Muuzeni. Athamanga, abwera ndi kasefa ka petulo ka pulasitiki, koonekera mʼkati, nʼkulumbira kuti nʼchimodzimodzi. Tengani kameneko. Oyilo wa mʼgiyabokosi amatentha kufika pafupifupi madigiri 80, ndipo pa mdipiti wa mʼmawa wa mu Great East Road, kuchoka pa thanki ya Chelstone kukafika ku Manda Hill phazi lili pa buleki, amapitirira pamenepo. Pulasitiki idzafewa bwinobwino, ndipo popeza ndi yoonekera, mudzaonerera zonse ndi maso anu.

Makanika musankhe wa pansi pa mtengo ku Kabwata, amene amati galimoto yanu akuidziwa musanamuuze vuto. Pa sefa pali kamuvi kosonyeza kolowera oyilo. Musakasamale, nʼkokongoletsa chabe. Amakanika amantha amamasula paipi imodzi, nʼkuiloza mʼbotolo, nʼkuliza injini kamphindi kuti aone komwe oyilo akutulukira. Wanu akayamba zimenezo mʼletseni, akuchedwetsani. Mapaipi ndi awiri okha. Ngati si iyi ndiye kuti ndi iyo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma akuluakuluwo sankalipira makanika pa ola.

Pa nkhani yomangira ndipo pamaoneka luso. Paipi iliyonse yakuda ndi paipi, ngakhale yothiririra kapinga. Makilampu achitsulo asiyeni. Malegeni amamanga mtolo wa makala pa njinga, ndiye angalephere kapaipi? Pamene panali paipi yathunthu tsopano pali mfundo ziwiri zatsopano, ndipo pampu ya giyabokosi sipuma injini ikamalira. Imodzi ikavuka, malita onse aja amathera pa tala mʼmphindi zochepa. Ubwino wake ndi woti oyiloyu amajambula mzere wooneka bwino kuchokera mu Chilimbulu Road mpaka pomwe mwaima, kotero wa galimoto yokoka safunikira kumʼlondolera pa foni. Kumbukiraninso kuilendeweretsa pansi kwambiri sefayo, kuti izipatsana moni ndi mahampu.

A Vitz ndi a Honda Fit, musaone ngati takuiwalani. Ambiri a inu muli ndi CVT, yomwe imayenda ndi lamba wachitsulo ndipo imafuna oyilo wakewake. Pa galimoto zina zamtunduwu oyilo satuluka nʼkomwe kupita ku radiyeta. Kozizitsira kamamatidwa pa giyabokosi pomwepo, madzi ndiwo amabwera kudzakapeza. Musalole kuti zimenezi zikumaneni chitukuko. Makanika adule paipi imene waipeza. Madzi nawonso ndi ofunika kusefa. Wa Allion kapena Corolla, kandodo koyezera kakalembedwa kuti T-IV, dziwani kuti uthengawo analembera a ku Japan. Kuno oyilo wofiira ndi wofiira basi, kaya Dexron III, kaya wa mʼbotolo lopanda dzina.

Chachikulu pa zonse nʼchakuti oyilo wakale musamusinthe. Si ndicho mwagulira sefa? Nʼzoona kuti sefa imangogwira tizitsulo ndi fumbi la makilatchi. Oyilo wopserera, amene anasanduka wa bulawuni nʼkumanunkha chipsereza, amatuluka mʼsefa ali wopserera momwemo. Nʼzoonanso kuti mukamasula kabawuti ka pa sampu mumachotsa gawo lochepa chabe, wina amatsalira mu torque converter, nʼchifukwa chake osamala amatsitsa nʼkuthira, nʼkuyenda, nʼkudzabwerezanso. Koma pa bala pali umboni wokwanira woti ukasintha oyilo giyabokosi imafa. Mboni zonse zinasintha oyilo galimoto itayamba kale kukana kubwerera mʼmbuyo, koma mfundo imeneyo musaitchule, mungasokoneze macheza.

Tsiku lake likafika, mwina pa Kabwe Roundabout nthawi yoweruka, injini idzalira mokweza galimoto ili chiimire. Makondakitala a minibasi adzakupatsani malangizo ena omwe sitingawalembe muno. Musavutike kupempha anthu kuti akukankheni muilize, otomatiki sidziwa zimenezo. Angokusunthirani pambali nʼkukupemphani ya madzi. Mawa lake tsukitsani injini, jambulani chithunzi sefa ikuoneka bwino, muike pa Facebook. Lembani kuti ankayendetsa ndi mayi, wopita ku tchalitchi basi, ndipo pa mtengo muonjezerepo kenakake chifukwa cha sefa.