Wayilesi Yoimba Itafika pa Bua

Kuyambira 1964, kwa zaka zoposa 30, munthu wa pa Bua, ku Nkhotakota, sankatopa ndi kusankha. Nyumba youlutsira mawu inali imodzi, MBC, ndipo kopotokolera siteshoni pa wayilesi ya Nzeru kankangochita dzimbiri. Nyimbo nazo zinali ndi malire. Nthawi ya Kamuzu nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia inaletsedwa, poti dzinalo linali la Mama Kadzamira. Akuti bambo wina wa kusikimu ya mpunga, amene nyimboyo sanaimvepo n'kamodzi komwe, anayamba kuitana mwana wake Sisiliya monong'ona. Mtsikanayo anapeza danga: akamutuma kumadzi ankati sanamve.

Mu 1997 MBC inatsegula Radio 2, ya nyimbo ndi achinyamata. Nkhalamba ina itamva zoti kwabwera wayilesi yachiwiri inapukusa mutu. "Ndiye kuti boma lalowa mitala? Muona. Wamng'onoyo azingovina, za maliro zonse azithamanga nazo ndi wamkulu." Sinaname.

Chaka chotsatira, 1998, kunabwera lamulo limene linakhazikitsa MACRA, bungwe loyang'anira nyumba zoulutsira mawu, ndipo Oscar Thomson anatsegula Power 101 ku Blantyre, wayilesi yoti siyaboma, yodya za otsatsa malonda, yoimba usana ndi usiku. Capital FM ya Al Osman inatsatira mu 1999. Pa Bua Power 101 inafika pa basi, m'chikwama cha mnyamata wina wophunzira ku Blantyre amene anajambula pulogalamu yathunthu pa kaseti, mawu a DJ ali momwemo. Anaika kasetiyo pakhonde, agogo ake akusenda chinangwa cha kondowole.

"Mzungu ameneyu akuthamangira kuti?"

"Si mzungu agogo, ndi Mmalawi mnzathu."

"Nanga m'kamwamo muli chiyani? Muuzeni ameze kaye."

Itayamba nyimbo ya rap, agogo anaika mpeni pansi, namvetsera mwachifundo ndithu. "Mwana wa eni ake walongolola mokwana. Amene anamutengera zinthu zakeyo angomubwezera."

Kaseti ija inazungulira mudzi wonse mpaka tchuthi kutha, ndipo paliponse DJ ankalengeza nthawi yomweyomweyo, 3 koloko masana. Malume ena amene ankatolako Chingerezi anaimva m'mawa, anaimva usiku, anaimvanso podikira mwera kuti uleke. Kenako anaitana mphwawo pambali: "Ku Blantyre kwanuko musabwerereko. Dzuwa linaima."

Nkhondo yeniyeni inali ya mabatire. Kwa bambo wa pakhomo, batire linali la nkhani ndi mauthenga achisoni basi. Kumvera nyimbo kunali kumwaza chuma. Mabatire akafooka ankawayanika pathandala limodzi ndi usipa, ndipo ine ndimaona kuti usipa ndiwo unkapindula ndi dzuwalo. Bambo wina anagula atsopano Lachisanu, Lamlungu wayilesi ikungonong'ona.

"Iwe, mabatire anga wadya ndani?"

"Ndi a Lucius Banda, bambo."

"Chabwino. Akamaliza kuimbako uwauze adutsire kugolosale."

Nkhotakota itapeza wayilesi yakeyake ya m'dera mu 2003, ndiye kenako mafoni a m'manja n'kuchuluka, anthu anazindikira kuti m'bokosi muja munthu wamba akhoza kulowamo. Msodzi wina anaimba foni pa pulogalamu ya moni, wayilesi ili pakhutu, ikulira ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Muulutsi anamupempha mwaulemu kuti achepetseko wayilesi yakeyo. "Aaa achimwene, ndikachepetsa ndidzimva bwanji? Mayunitsi ndagula ndekha." Atatero anayamba moni: kwa mayi a kunyumba, kwa asiginala onse a usiku uno, kwa anzake okoka chilimira. Anamaliza ndi alamu ake: "Amene anabwereka nyali yanga mwezi wa Juni. Sindikunena kanthu, ndi moni chabe. Muwaikire nyimbo iliyonse yokamba za ngongole."

Wagolosale wina pamsewu wa M5 anamva kuti malonda amayenda ukalengeza pa wayilesi. Anapita kukafunsa mtengo, namva kuti amalipiritsa pa masekondi. Anawerenga pa zala, navala chipewa. "Masekondi 30? Ine kwathu ndikangouza mayi a ana kuti ichi n'chinsinsi, pofika madzulo chamveka mpaka ku Dwangwa, ulele."

Zodiak ya Gospel Kazako, imene inayamba mu 2005 ku Lilongwe, inazoloweretsa anthu kuti chinthu chikachitika amvera pa wayilesi. Ena anazitenga mopitirira. Usiku wina njovu yochokera kunkhalango ya Nkhotakota inalowa m'munda wa chinangwa wa bambo wina. Mwini munda anaiona ndi maso ake, mwezi ukuwala, ikuzula phata ndi phata. Anathamangira kunyumba, anthu n'kumayesa akukatenga zitini zoti aziimba poiopseza. Iye anakhala pampando, natsegula wayilesi.

"Bambo a mwana, chinangwa chikutha!"

"Taima kaye mayi iwe. Tisathamangire mphekesera, sanalengeze."