Malume, ku Harvard amafunsa za Fomu 1?

M'chaka cha 2022 achinyamata 61,220 adapempha malo payunivesite ya Harvard ku America. Ouzidwa kuti alongedze zikwama adali 1,954 basi, kutanthauza kuti pa anthu 100 alionse, pafupifupi 97 adalandira kalata yowathokoza chifukwa choyesa. Ambiri mwa obwezedwawo sadali ana amasewera, m'makalasi mwawo ndiwo ankatsogola. Nambala zimenezi a Ndaonazino, eni ake a danga lino, aziloweza pamtima, moti masiku ano amazitchula ngakhale kwa munthu amene wangowafunsa nthawi.

Adawayambitsa ndi mphwawo, mwana wa mlongo wawo, yemwe ali Fomu 3. Zaka ziwiri zoyambirira za kusekondale mnyamatayu adazithera pa mpira ndi pa foni, ndipo teremu iliyonse nambala yake palipoti inkafanana ndi chiwerengero cha ana onse a m'kalasimo. Chaka chino wadzidzimuka. Akuwerenga mpaka usiku, masamu ayamba kumumvera, ndipo Lamulungu lina adatulukira ndi funso: "Malume, ndi zomwe ndidachita ku Fomu 1 zija, sukulu ngati Harvard ingadzanditenge?"

Adafunsa munthu woyenera. A Ndaonazino ndi kadaulo pa za maphunziro apamwamba. Ku Chancellor College adafikako ndithu, tsiku lomwe adanyamulira msuweni wawo matiresi. Mapointi awo a MSCE satchulidwa pagulu, koma omwe adawaonapo amati amayenderana ndi saizi ya thalauza lawo, ndipo a Ndaonazino si munthu woonda. Adakhosomola, nauza mnyamatayo kuti nkhani zikuluzikulu siziyankhidwa mothamanga, adzabwere sabata yamawa. Usiku womwewo ndalama ya makala idasanduka bandulo.

Adayambira ku America komweko. Kumeneko sekondale ndi ya zaka 4, giredi 9 mpaka 12, ndipo wopempha malo amatumiza zotsatira za zaka zonsezo, zabwino ndi zochititsa manyazi zomwe. Koma osankha ana samangowonkhetsa malikisi n'kutseka buku. Amafuna kuona kumene mwanayo akulowera. Amene adayamba moipa kenako n'kumakwera chaka ndi chaka, pa maphunziro ovuta, amamuona mosiyana ndi mnzake amene adayamba bwino n'kumatsetsereka. Amawerenganso makalata a aphunzitsi ndi chimangirizo chomwe mwanayo walemba yekha, ndipo pafomu ya Common Application pali malo oti afotokozepo ngati kunyumba kudagwa matenda, maliro kapena mavuto ena. A Ndaonazino adafufuza ngati kuonera ligi ya ku England kumawerengedwa ngati vuto la m'banja. Sadapeze.

Atafika pa University of California, yomwe ili ndi nthambi zotchuka za Berkeley ndi Los Angeles, adaomba m'manja mpaka mayi a kunyumba adadzuka kufunsa ngati kwalowa akuba. Yunivesite imeneyi powerengera avereji ya mwana imatenga malikisi a giredi 10 ndi 11 okha. A chaka choyamba amaoneka papepala, koma salowa m'masamuwo.

Chimwemwecho chidathera pa ndalama. Wophunzira wochokera kunja kumeneko amayenera kudzilipirira yekha, ndipo ndi madola masauzande ambirimbiri pachaka. Sukulu zomwe zimasankha mwana osayang'ana thumba la makolo, ngakhale akhale mlendo, kenako n'kumuthandiza malinga ndi kusowa kwake, ndi monga Harvard, Yale, Princeton, MIT ndi Dartmouth, zomwe zija zimabweza pafupifupi aliyense. A Ndaonazino adaona kuti komwe amakhululukira chaka choyamba amafuna madola, ndipo komwe safuna madola mzere wake ndi wa dziko lonse lapansi. Adayang'ana m'chikwama chawo, napezamo risiti ya mankhwala a chifuwa.

Mpata wina uli pa mayeso a SAT, omwe malikisi ake omaliza ndi 1600. Nthawi ya Covid-19 sukulu zambiri zidasiya kukakamiza mayeso otere, koma MIT idawabwezeretsa mu 2022, ndipo Dartmouth, Yale ndi Harvard zidalengeza zomwezo mu 2024. Kwa mwana amene adagona poyamba, awa ndi malo oonetsera kuti adadzukadi, poti mayesowo safunsa zomwe adachita ali ndi zaka 14.

Ku Britain nkhani ndi ina. Oxford ndi Cambridge zimafuna mafomu afike pofika pa 15 Okutobala. Ku Oxford amafuna ma A-Level oyambira AAA mpaka A*A*A malinga ndi phunziro, ambiri amalemba mayeso olowera, ndipo mu Disembala pamakhala mafunso apakamwa. Zotsatira za GCSE, zomwe ana amalemba ali ndi zaka 16, amaziyang'ana, makamaka kwa ofuna udokotala, koma lipoti la teremu yoyamba kusekondale salifunsa. Chovuta kwa Mmalawi n'chakuti MSCE payokha siikwana. Pamafunika A-Level, yomwe amalemba m'sukulu monga Kamuzu Academy ku Mtunthama, kapena dipuloma ya IB. Atamva za fizi ya m'sukulu zoterezi, a Ndaonazino adagamula kuti ku Britain kumazizira kwambiri, mwana angakadwale.

Tsiku la yankho litakwana, mnyamatayo adabwera ndi mayi ake. A Ndaonazino adavala jekete, natulutsa chida chawo chachikulu: William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Uyu adasiya sekondale chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2002, napanga makina oyendera mphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotola. Mu 2007 adakayankhula kumsonkhano wa TED ku Arusha, adakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo mu 2014 adatenga digiri ku Dartmouth, imodzi mwa mayunivesite 8 a Ivy League.

"Wamva, mphwanga? Zimatheka."

"Ndamva, malume. Koma iwowo fizi idasowa. Ine amayi ankalipira."

Mnyamatayo adanena zoona, ndipo pali chinanso chomwe okamba za Kamkwamba amakonda kudumpha. Makina aja adamutsegulira njira, koma iye adabwererabe m'kalasi zaka zingapo asadalowe ku Dartmouth mu 2010. A Ndaonazino, amene babu likapsa amaitana mwana wa aneba, adavomereza kuti chitsanzocho chawalemera.

Apa m'pamene adatsikira kwathu kuno, komwe nkhani ili yosavuta kumva. Bungwe la NCHE, lomwe limayendetsa kasankhidwe ka ana opita kumayunivesite a boma 6, UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST ndi Mzuni, limayang'ana MSCE. Pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9, ndipo akawonkhetsa maphunziro 6 omwe mwana wachita bwino kwambiri, wapamwamba ndi wa mapointi 6. Lipoti la Fomu 1 silikwera basi kupita kumeneko. Malo a udokotala ku KUHeS kapena a uinjiniya ku MUBAS ndi ochepa ndipo amalimbiranidwa, koma akulimbirana ndi mayeso omwe mwana wa Fomu 3 sadalembe.

Komabe ulesi wa Fomu 1 sufa wokha. Masamu ndi sayansi za Fomu 4 zimaima pa zomwe mwana adaphunzira m'mbuyomo, choncho mitu yomwe adaijomba imamudikira m'chipinda cha mayeso. Ndipo kuno chilango cha kuyamba moipa chimabwera msanga kuposa ku America. Mayeso a Sitandade 8 ndiwo amanena ngati mwana apite kusukulu ngati Blantyre Secondary kapena Dedza Government, kapena ku CDSS komwe nthawi zambiri zipangizo za sayansi amangoziona pachithunzi.

Zonse zinkayenda bwino mpaka a Ndaonazino atayamba mawu otsekera. "Ife nthawi yathu, mphwanga, nambala 1 inali yathu teremu iliyonse."

Mlongo wawo adaika kapu pansi. "Achimwene, malipoti anu aja ali m'sutikesi ya malemu amayi. Ndikatenge mwanayu aone?"

A Ndaonazino adati achemwali asavutike, misewu yaipa ndi mvula, ndipo adafunsa ngati wina akufuna tiyi wina.

Chigamulo chawo n'chakuti mwayi wa mphwawo ku Harvard ndi wochepa kwambiri, monga ulili kwa mwana aliyense, ndipo zaka ziwiri zoipa zija zauchepetsanso koma sizidaufafanize. Mwayi wa ku KUHeS, MUBAS kapena UNIMA ukadali wathunthu ngati mnyamatayo abwerere kumabuku a Fomu 1 ndi 2 n'kukwirira maenje onse. Inu amene muli ndi ana oterewa musawalembere kale ntchito ya ukondakitala, apezereni mphunzitsi wa masamu chaka chisadathe. Ndipo mukaona mayi wina akutsika minibasi ndi sutikesi yakale yachitsulo, chonde aimbireni a Ndaonazino msanga.