Walira Mvula, Walira Matope ndi Anyani Omwe

Makolo athu sankadziwa kamera, koma mwambi woti walira mvula walira matope ukukhala ngati adaupekera tsiku lodzala mitengo. Nyengo yodzala ikatsegulidwa pa 15 December, tonse timasanduka abale ake a nkhalango. Bwana amatsika m'galimoto atavala jombo zonunkhira sitolo, n'kupeza dzenje lokumbakumba. Amagwada bondo limodzi, kumwetulira, kujambulitsa, kusamba m'manja, ulendo. Madzulo mtengo uja uli pa Facebook. Kukacha uli m'mimba mwa mbuzi.

Imeneyo ndiye mvula, ndipo tonse timaikonda. Matope ake timasiyira ena.

Mukafuna kuwaona enawo, pitani m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Nkhalango ya m'phirimo ndi yotetezedwa kuyambira 1927, kungoti macheka sadziwa kuwerenga zikwangwani. Mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene kwawo ndi m'phiri lomweli, udachekedwa mpaka kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Manambala a foni a anthu amene ndili nawo ngongole ndi ambiri kuposa pamenepo. Anthu a m'midzi, mogwirizana ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, adatsegula manazale, kuthira dothi m'machubu, kufesa, kenako kusenza mbande pamutu kukwera nazo phiri limene ife a m'tauni timalikwera ndi maso tili pamsewu wa ku Muloza.

Azakhali anga ali m'komiti yosamalira zachilengedwe m'mudzi mwawo. Malipiro ake ndi zikang'a m'manja. Iwo amati kudzala mtengo kuli ngati ukwati: tsiku la phwando aliyense amavina, koma matewera amachapa ndi awiri okha. Mbande imafuna kupalira. Chilimwe chikafika pamafunika kulambula njira zotchinga moto, chifukwa mnyamata mmodzi wofuna mbewa zitatu akhoza kutentha thukuta la zaka zitatu. Ndiye pali msuweni wowotcha makala, amene masana mumamudzudzula pamsonkhano, madzulo n'kukagula kwa iye yemweyo kathumba kophikira nyemba.

Tsono tonse timati tikufuna nyama zakutchire zibwerere. Tikamatero, m'mutu mwathu mumakhala mbalame zoimba mokoma ndi agulugufe. Mwinanso nadzikambe wa m'nkhalango yowirira ya ku Ruo, amene akatswiri a sayansi adamulemekeza pomutcha Nadzikambia mlanjensis, dzina lathu lomweli atangoliveka tayi. Ameneyo savuta: amayenda ngati akuopa kudzutsa apongozi, ndipo sadya za munthu.

Koma nkhalango siitana alendo mosankha. Kathengo ka m'mbali mwa mtsinje kwa azakhali katayamba kuwirira, oyamba kubwera kudzathokoza adali anyani ndi apusi. Adafika banja lonse, nthawi ya chimanga chachiwisi, osaodira n'komwe. Ine ndidapeza azakhali ali pakati pa munda, chitini m'manja, akukuwa mpaka mawu kusasa.

Ndidati, "Zakhali, si inu nomwe munkalira kuti nyama zatha?"

Adandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Mwanawe, ndinkalira nyama, sindinkalira akuba. Koma poti abwera limodzi, tizingolondera. Gwira chitinichi."

Ndidafunsa ngati sikukadakhala bwino kungodula mitengoyo kuti anyani asowe pobisala. Sadayankhe msanga. Adaloza kuphiri, kumene zipsera za namondwe Freddy wa mu March 2023 zidakaonekabe, pamene matope ndi miyala zidatsika n'kukwirira midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe. Adati mvula ngati imeneyo palibe angailetse, koma phiri lovala ndi phiri lamaliseche salandira mvula mofanana: mizu imagwira dothi, masamba amachepetsa liwiro la madzi.

Apo m'pamene mwambi uja udanditembenukira. Matope ngosathawika, kusiyana kwake n'koti ena amakupaka m'miyendo uli ku nazale, ena amakupeza m'nyumba usiku uli mtulo.

Chaka chino ndalembetsa nawo m'komiti. Andipatsa ntchito yolondera munda Loweruka lililonse, ndipo anyani andizolowera kale moti ndikaimba chitini amayesa belu la nkhomaliro.